Magazini Yomaliza ya Abambo Walter

Lachinayi, mwezi wa Novembala. Kunja kwazizira, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Abambo Walter, nkhalamba imene ndimaisamalira ku Silver Spring kuno kutsidya kwa nyanja, akana phala lero. Anangoti ndiwatsitsire bokosi la pamwamba pa kabati. Muli magazini akale a sitima zapamadzi, mapepala ofiirira, onunkha nkhungu. Akuti amene anayambitsa magaziniyi ndi agogo awo, sitima zikadali zokhoma ndi matabwa, ndipo Abambo Walter ndi amene anadzaitseka owerenga atatha.

Masiku onse amandiwerengetsa za kapangidwe ka sitima. Lero ayi. Amafuna tsamba lakumapeto, pamene ankalembapo sitima zimene zinanyamuka koma osafika. Ndinawerenga mayina mpaka kukhosi kuuma, iwo akungogwedeza mutu ngati ndikutchula anzawo.

Kenako anandigwira dzanja n'kundipatsa magazini yomaliza. "Tenga, Esnart. Ine sindiifunanso." Wotchi yawo anapatsa mayi wobweretsa mankhwala.

Ndinaimbira foni mwana wawo wamkazi. Ndinamuuza kuti munthu wamkulu akayamba kugawa katundu ndiye kuti akutsanzika, abwere msanga. Anaseka! Akuti, "Adadi akungokonza m'nyumba, ndibwera pa Khirisimasi." Khirisimasi yake iti? Bambo anga ku Dedza anagawa makasu awo Lolemba, Loweruka n'kuikidwa m'manda. Ine ndinali kuno, maliro ndinalirira pa foni.

Magaziniyo ili m'chikwama, sindinaitulutse. Mawa m'mawa ndipita ndi kiyi wanga, koma sinditsegula. Ndikagogoda kaye, ndimve ngati ayankhe.