Akamwini Anga ndi Matenda a pa 19

Lachiwiri, 2 Okutobala 2007

Whitmore Reans, ku Wolverhampton kuno kwa azungu, kwa mwana wanga Dinnah. Kuzizira. Dzuwa la kuno ndi la pachithunzi, kuoneka kokha, kutentha ayi. Ana akuti ndizilankhulako ndi pepala kuti makutu a anthu apume. Chabwino. Zilembo zanga za sukulu ya kwacha, zopendama ngati mpanda wa chaka chatha, koma wowerenga ndine ndemwe.

Ana anga aakazi awiri, Dinnah ndi mng'ono wake Rhoda, onse anamwino, onse anakwatiwa ndi oyendetsa ndege. Kumudzi amati ndinakhwimira. A Patson, amuna a Dinnah, amayendetsa jeti. A Thomas, amuna a Rhoda, ija ya zikupizo kutsogolo, yolira ngati chigayo cha dizilo. Kale anali makampani awiri, mlandu kunalibe. Chaka chino yaikulu yameza yaing'ono, onse khola limodzi. Ndiye kukubwera ndege zatsopano, ndipo amene aziyendetse malipiro ake akwera. A jeti akuti n'zathu, azigayo akafole kumbuyo. Azigayo akuti tiwerenge zaka, ena a jetiwo ndi ana a dzulo.

A Patson patebulo: "Bambo, zija si ndege, ndi fani yomera mapiko." Dinnah kuseka mpaka kutsamwa.

Chimene ndinabwerera kuno: pa 28 Tiwa, khanda la Rhoda, abatizidwa, ndipo womunyamula m'tchalitchi ndi Dinnah. Mayi awo asanatisiye anati awiriwa asadzatayane, ndikhale maso. Ndikaona zimenezo, ulendo kwathu ku Ntcheu.

Lachisanu, 5 Okutobala

Alendo. Azungu a jeti, anzawo a Patson. Avula nsapato pakhomo, wina sokisi yoboola, chala chili panja ngati mbewa yosuzumira. Ine pakona pafupi ndi hita, kumwetulira ngati ndikumva. Chizungu cha ku Birmingham chimatulukira m'mphuno.

Atapita ndamufinya Dinnah kukhitchini mpaka waulula. Akuti malamulo a sitalaka kuno ndi aatali, ndiye apangana njira yachidule. Lachisanu pa 19 onse a jeti adzadwala m'mimba. Onse, m'mawa umodzi, kuti mabwana aone kuti popanda iwo kumwamba kuli zii.

Ndaseka mpaka kutsokomola. Munthu wamkulu, wa tayi, kudziwiratu tsiku lodzatsegula m'mimba. Kwathu wotereyo timamulambalala panjira.

Dinnah: "Ababa, izi zithere m'nyumba muno." Ndati kodi ine ndi khanda.

Lamulungu, 7 Okutobala

Tchalitchi ku Birmingham, kenako tiyi m'holo. Mandasi olimba, ofuna mano a boma. A Roselyn, mkulu wa amayi, akuti agogo tiuzeniko kanthu, tasowa za kumudzi. Ndikanakana bwanji.

Dzina sindinatchule. Amalume anga amene anandiphunzitsa kusimba anali ndi lamulo limodzi lokha: nena zonse, dzina la munthu usiye. Ndiye ndati zinachitika ku Limbe, madalaivala a mabasi aakulu kukangana ndi a maminibasi, aakuluwo n'kupangana tsiku lodwala. Ndawonjezerako mzere wa kuchimbudzi, wina kupempha kuti amudutsitse chifukwa ndi wamkulu pantchito. Kungoti poyenda ndinayenda ngati a Patson. Chifuwa patsogolo, kachikwama kokoka kumbuyo, ndi kaja amachita kogwira tayi asanalankhule. Thupi limachita lokha zimenezi, silifunsa. Holo yonse pansi. Mayi wina wa ku Chipata anatuluka panja atagwira nthiti.

Dinnah anali ku shifiti, a Patson kumwamba. Rhoda analipo, Tiwa pamiyendo. Sanaseke. Amangondiyang'ana.

Lachinayi, 11 Okutobala

Hillfields, Coventry. Sabata ya Rhoda. Amandibwerekana ngati khasu.

A Thomas andigulira jekete yaubweya m'kati, ndi chipewa chake. Mkamwini amene sanandipatsepo ndi machesi omwe. Akhala pansi penipeni, pa kapeti, manja pamodzi. "Bambo, nkhani ya ku Limbe ija ndinaiphonya, anthu akuitama." Ndaibwereza yonse, bwinonso kuposa Lamulungu. Afunsa mwaulemu kuti madalaivala aja anapangana tsiku lanji. Ndati Lachisanu, pa 19. Nkhani yopanda tsiku imamveka yabodza.

Jekete yofunda zedi. Bondo lachepa kuwawa.

Loweruka, 20 Okutobala

Zavuta.

Dzulo a jeti adwaladi. Koma azigayo anafika onse, ngakhale a pa holide, mayunifolomu ositasita, ndege zawo zili ndi mafuta kale. Anthu a ulendo wa ku Glasgow ndi Belfast anapita pa chigayo. Mochedwa, makutu akulira, koma anafika. Mabwana anali atadziwa kalekale. A Patson aimitsidwa ntchito mpaka mlandu ukambidwe, poti msonkhano unachitikira m'nyumba mwawo.

Foni ya Dinnah, yopanda moni: "Ababa, khalani konko." Masana takisi yabweretsa sutikesi yanga, mankhwala a bondo pamwamba. Dinnah wauza Rhoda kuti khandalo alinyamule a Thomas ndi mafani awo, iye pa 28 ali ku shifiti.

Ndabwereza nkhani yonse m'mutu, kuyambira pachiyambi. Dzina mulibe. Mulibe ndithu.

Lachiwiri, 23 Okutobala

Chakudya sichikulowa. Ndaitana a Thomas ndi Rhoda pabalaza, ndati mwandikola ndi jekete ngati khoswe ndi chiponde. A Thomas sanakane. Akuti zaka zonsezi akutera pa tizilumba mphepo ikuwomba cham'mbali, pomwe kamnyamata ka jeti kongodina mabatani ndi kumwa khofi kakulandira kuposa iwo. Ndege zatsopano zikawadutsa, adzakalambira pompo. Rhoda naye: chikwatiwireni, mkulu wake amamufunsa ngati alamu abwera ndi ufa kuchokera kuchigayo. Pa Khirisimasi anafunsa pamaso pa alendo.

Zoona zake n'zoona. Komabe khanda lalakwa chiyani.

Ndavula jekete, ndawaponyera pamiyendo. Pambuyo pake ndaitenganso. Kunja kuli chisanu, ndipo mkwiyo sufunditsa.

Lachinayi, 25 Okutobala

Ndapita ndekha ku Wolverhampton. Pa siteshoni ya New Street ndakwera sitima yolakwika, ndaona Walsall yense mosafuna. Mayi wina wachimwenye wandibweza ngati phukusi.

Atsegula a Patson okha. Ndevu zosameta, chitenje cha Dinnah m'chiuno. Munthu wa tayi uja. Ndagwada. Ine, mpongozi, kugwadira mkamwini pa kapeti, bondo kulira kuti thee. Iwo agwadanso pofuna kundidzutsa, ndiye takhala choncho tonse awiri, mphumi ndi mphumi, ngati atonde ofuna kugundana. Ndati ndilangeni ine, koma pa 28 mumulole abwere. Akuti iwo saletsa munthu. Kenako motsitsa: "Bambo, kodi ndimayendadi choncho?" Ndati pang'ono pokha.

Dinnah sanatsike. Ndimamumva akuyenda m'chipinda cham'mwamba. Ndamuitana ndi dzina lake laubwana. Mapazi anaima. Basi.

M'sitima pobwerera, mayi awo okhaokha m'mutu. Ndikakawapeza ndikati chiyani, kuti ndinawamwaza ndi mzere wa kuchimbudzi.

Lamulungu, 28 Okutobala

Dinnah wabwera. Walowa nyimbo yoyamba ili m'kati, a Patson pambuyo, akuyenda mosamala ngati anyamula mazira, manja kutali ndi tayi. Watenga Tiwa m'manja mwa Rhoda. Madzi atamugwera Tiwa analira. Dinnah naye, Rhoda naye. Ine chinali chimfine.

Ndimayesa bondo langa ndilo lagwira ntchito. Ayi. A Roselyn andinong'oneza m'holo: dzana kampani inalengeza kuti ndege zatsopano zija si za a jeti, si za azigayo. Zibwera ndi oyendetsa ake aganyu ochokera kunja, otsika mtengo kuposa onsewa. Amalimbirana mbale, kubwera kuona ndiwo wadya mlendo. Akamwini anga poimika magalimoto, mitu pamodzi ngati mapasa. Nditayandikira ayamba za mpira. A Thomas sadziwa n'komwe kuti mpira ndi wozungulira.

Palibe wandipempha kuti ndisimbeko kanthu lero. Tiyi ndamwa chete, wazizira m'kamwa.

Lolemba, 29 Okutobala

Onse anayi kukhitchini kwa Rhoda, chitseko chotseka. Dinnah wandipatsa moni. Wandipaka yekha mankhwala pabondo, mwamphamvu ndithu, ngati akukanda mandasi. Kenako wandikhazika pa TV, wakweza mawu mpaka kumapeto, wapita. Munthu ndi mng'ono wake akuseka kumeneko ngati kale ku Ntcheu. Mwina akuseka ine. Aseke, bola aseke pamodzi.

Koma makoma a ku Hillfields ndi a pepala. Ndatsitsako TV pang'ono, chifukwa cha makutu. Ulendo uno ndi onse, a jeti ndi azigayo omwe, ndipo si m'mimba ayi, ndi msana. A Patson akuphunzitsa a Thomas kubuula kwake podzaimbira mabwana foni. Sakutha, akubuula ngati ng'ombe. Tsiku nalo ndalimva. Loweruka kwa a Roselyn kuli phwando londitsanzika, anthu adzadza, ndipo munthu sungachoke dziko la eni osasiyako kanthu.

Wina wagwira chitseko. Kabatani kokwezera mawu kaja kali pati