Kugogoda kwa Matapeti

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi, bondo lija linaphwa? Mundiuze ngati ayambanso kufika okha kumunda. Ine thupi lilibe vuto, koma nkhani yomwe ndili nayo si yabwino. Muwerenge muli chikhalire.

Kuno mvula yatikwana. Denga la galaja likudontha pamwamba penipeni pa benchi langa, moti masipanala ndimawapukuta kawiri pa tsiku kuopa dzimbiri. Koma zimenezo ndi zazing'ono.

Masabata atatu apitawo kunabwera mayi wina wogulitsa mazira ndi galimoto yakale yotsegula kumbuyo, yomwe anamusiyira malemu mwamuna wake. Ndi imene amaperekera mazira m'magolosale. Anadandaula kuti injini ikugogoda ngati munthu akumenya supuni pa mbale. Abwana anaipereka kwa ine, poti kwa zaka khumi ndi zisanu ntchito yomvetsera injini yakhala yanga. Ena amayamba ndi kumasula, ine ndimayamba ndi khutu.

Mayiyo anati phokoso limakula m'mawa injini ikazizira, ikatentha limachepa. Pomwepo ndinaganizira matapeti. Achemwali, matapeti ndi tizitsulo totalika ngati chala chachikulu, tomwe timakankha mavalavu, zitseko za mpweya m'injini, kuti azitseguka. M'kati mwake mumadzaza oyilo, ndipo oyiloyo akalephera kulowa timayamba kugogoda. Ndinakhazika nsonga ya sikuludiraiva pa chivundikiro cha injini, chogwirira ndi kuchiika pakhutu, ndipo ndinamva kuti phokoso lili pamwamba, osati pansi. Nditasolola kachitsulo koyezera oyilo, oyiloyo anali bii ngati phula.

Nditatsegula ndinapeza zinyalala za oyilo zitaundana ngati matope. Ndinatulutsa matapeti onse asanu ndi atatu, ndi kumadina lililonse ndi chala. Awiri anali ofewa. Ndinawaviika onse m'palafini, ndi kutokosa timabowo take ndi waya wopyapyala. Limodzi linali litadyeka pansi, ndiye ndinapeza lina kwa ogulitsa zitsulo zakale. Ndinathira oyilo watsopano, kusintha fyuluta yosefera oyiloyo, kenako kuliza injini. Injini inkangoti tche tche tche, ngati sindinaigwire n'komwe.

Tsiku lachiwiri ndinatsegulanso. Ndinayang'ana kamushafuti, chitsulo chomwe chimakankha matapetiwo, ndinayeza chilichonse, osapeza cholakwika. Mayi uja ankabwera masana alionse, mazira akumuwonongekera kunyumba, ine n'kumamuuza kuti apirire, galimoto sinachire.

Tsiku lachitatu ndikufuna kumasula kachitatu, mnzanga wowotcherera zitsulo anandigwira mkono. Anati injiniyo ikulira bwino chiyambire dzana, aliyense akumva choncho kupatula ine. Ndinamukalipira kuti asamalowerere ntchito yomwe saidziwa. Anandiuza kuti nditembenuke ndiyang'ane kukhoma, ndimuuze ngati kugogodako kukumvekabe. Ndinati kukumveka bwinobwino, ngakhale mwana angakumve. Nditacheuka ndinaona makiyi ali m'manja mwake. Injini anali ataizimitsa kalekale.

Anzanga anayamba kuseka, koma ataona nkhope yanga analeka. Ndinakhala pa tayala, kugogoda kuja kuli m'mutu mwanga.

Kuchipatala anandiveka zomvera m'makutu, n'kundiuza kuti ndizikweza dzanja ndikamva kulira. Dzanja langa linakwera kochepa. Adokotala anati khutu lakumanzere latsala pang'ono kuferatu, ndipo lakumanja likutsatira. Anati ndi phokoso la nyundo ndi makina odulira zitsulo la zaka zonsezi, ndipo zotere sizibwerera. Kachipangizo koika m'khutu kangandithandize kumva anthu kwa kanthawi, koma osati kusiyanitsa kulira kwa injini. Nditafunsa za kugogodako, anati ndikuzolowere. Ndiye ndinakumbukira kuti chaka chonsechi ndakhala ndikunena anthu kuti amalankhulira m'kamwa. Chakudza sichiimba ng'oma.

Abwana si munthu woipa. Anandichotsa pa injini n'kundiika potsuka zitsulo, koma anandiuza mosabisa kuti mwezi uno ukatha ndione kwina, chifukwa sangasunge mmisiri wamkulu pa beseni la palafini. Ndayesa magalaja ena awiri. Koyamba mbiri inali itafika kale. Kwinako mwini wake anandifunsa funso atandifulatira, ine osamva, ndipo atatembenuka anangondigwira chanza n'kundiperekeza pageti. Ntchito ina sindiidziwa, achemwali. Ndinalowa m'galaja ndevu zisanamere.

Mayi wa mazira anabweranso sabata yatha kudzathokoza. Anati galimotoyo sinalirepo mofatsa chonchi chimwalirire mwamuna wake, ndipo anandisiyira mazira khumi ndi awiri. Anailiza kuti ndimve. Ndinaika chikhato pa chivundikiro, ndinamva ikunjenjemera mosalala, ndipo ndinamugwedezera mutu. Ndikuganiza kuti imeneyo ndiyo injini yanga yomaliza.

Pempho langa ndi limodzi. Ndikudziwa kuti amayi akudandaula kuti ndimawadulira foni, akuti tauni yandikuza mtima. Sindidula mwamwano, ndimachita manyazi kuwafunsa kanayi zomwe anena. Muwafotokozere ndinu, pang'onopang'ono, mukudziwa mtima wawo. Kenako Lamlungu lililonse mukaweruka kutchalitchi muziwapatsa foni yanu andiimbire. Azilankhula mokweza, chilichonse chomwe afuna, kaya za nkhuku zawo, kaya kundikalipira kuti sindikwatira. Ine ndiziika kukhutu lakumanja. Adokotala akuti mwina lindisunga chaka chimodzi, mwina osakwana.

Mupereke moni kwa alamu, kwa amalume ndi azakhali, ndi kwa ana onse. Mwana wanu wamkulu uja amati akufuna kudzaphunzira umakaniko kwa ine, mumuuze alimbikire sukulu. Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga.

Mukamayankha, mulembe kalata yaitali. Maso akadali bwino.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa amayi