Ndakwera lole ya fodya

Amake Dalitso,

Pepani, mupeza nditachoka. Lole yotenga mabelo a fodya kupita ku Lilongwe yabwera lero m'malo mwa Lolemba, ndipo adalaivala akuti akanditsitsa pafupi ndi koleji ya uphunzitsi ija mwaulere. Ndinathamangira kudimba kuti tidzatsanzikane, koma ndangopezako khasu lanu.

Ndalakwanso pena. Kukoleji amafuna aliyense abwere ndi ndowa yake, ndiye ndatenga ija munanyikamo mphale. Mphaleyo ndakhuthulira m'beseni lochapira, muichotsemo msanga isanayambe kununkha sopo. Mudzandikalipire ndikabwera pa holide.

Chikundiwawa kwambiri n'chakuti paubatizo wa khanda lathu Ivy Lamulungu lino sindikhalapo. Mukawafotokozere abambo mfumu kutchalitchi, ndipo achimwene anga a Goliati akaime m'malo mwanga. Ndikupita kusukulu kuti ndizidzakhala nanu pakhomo, koma taonani, ndayamba n'kukuthawani.

Musandisungire chakukhosi. Zaka zonsezi paesiteti pano ndimachoka ana ali m'tulo, pobwera n'kuwapeza atagonanso. Dzana Dalitso pondipatsa madzi anati, "Landirani, a kapitawo." Inu munaseka, koma ine zinandilasa mtima. Ndikufuna mwana ameneyu adzanditchule kuti ababa.

Ndine wanu,
Eneya