Kaseti ya Achimwene M'dimba

Lachinayi madzulo, mwezi wa Julayi

Lero mtima wandiwawa zedi. Magetsi anabwera masana, koyamba sabata ino, ndipo ndinathamangira kompyuta yakale ija ndinatola pazinyalala ku Workington, dera la mafakitale, pamene fakitale yathu inkatsekedwa. Miyezi itatu ndakhala ndikuiwotcherera mawaya. Nditailumikiza ku wailesi yakanema, zilembo zinaonekadi.

Makina akalewa amatenga masewera pa kaseti. Ndinasunga imodzi yokha, ya masewera omwe ine ndi malemu achimwene tinalemba tokha, mzere ndi mzere, kalekale. Ndinaipeza ili chigoba chokhachokha.

Akazi anga anandilozera kudimba, kuseri kwa nyumba. Tepi yonse anaisolola n'kuimanga pa timitengo pamwamba pa muriwo, ndiwo zathu zamasamba, ikungonyezimira padzuwa.

"Ndinaiyesa m'wailesi, Bambo a Rudo, imangolira tswii. Ndinati yafa iyi, bola izithamangitsa mbalame."

Kulira kumeneko ndiko masewerawo, kompyuta ndiyo imakumva. Kundifunsa kokha, pakamwa pakanatupa? Akuti m'mashopu mulibe kanthu, ana sangadye kompyuta. Ngati kuti ineyo sindiima nawo pamzere wa buledi. Achimwene sanasiye ngakhale chithunzi, anasiya kaseti imeneyo basi.

Ndinayesa kuikulunga ndi pensulo, inaduka kanayi. Yotsalayo ndinaisiya pomwepo. Magetsi apitanso.

Chondipsetsa mtima kwambiri n'chakuti mbalame zasiyadi kubwera. Muriwo womwewo ndadya madzulo ano, mpaka kupempha wina.