Zithunzi Khumi ndi Zinayi za Mma Lariba

Lolemba, 9 Juni

Mumzinda wa Tamale. Mvula chiyambire m'mawa, magetsi akungobwera n'kupita. Mafoni onse amene tinagawa pa kafukufuku wathu abwerako kuchokera kumudzi. Zithunzi 312, zojambula amayi khumi ndi awiri otola mtedza wa mtengo wa shiya, wopangira mafuta. Pempho lathu linali limodzi: jambulani chimene chimakuthandizani pa ntchito yanu.

Ndalowetsa zonse mu pulogalamu. Ntchito yake yosavuta pakamwa: kuzunguliza kabokosi pa chinthu cha m'chithunzi, n'kukapatsa dzina. Dzinalo ndiye khodi. Beseni. Bulu. Mwana wamkazi. Mphika wowiritsira. Pofika madzulo makhodi 19, khosi gwa. Azindoo, mnzanga wa m'kalasi, akuchita zomwezo pa kompyuta yake kuti tidzafananitse. A Dokotala Wumbei, otiyang'anira, anenetsa kuti zithunzi zokhala ndi khodi yeniyeni ndi zokhazo zidzapachikidwe pa khoma la sukulu ya kumudziko pa 28.

Lachitatu, 11 Juni

Mma Lariba, mmodzi wa amayi aja, kalanga ine! Zithunzi 14, zonse zoloza pansi. Udzu, dothi, masamba owola, zonse mbuu. Pena zala za kumapazi m'mphepete. Azindoo waseka mpaka misozi. Akuti, "Mayi ako aja foni anaigwira ngati chipande." Wapanga khodi yatsopano, Zolakwika, n'kuponyamo zonse. Inenso ndavomera. Nanga kabokosi ndikanaika pa chiyani, pa udzu?

Koma mtima sukukhala pansi. Ndi iwo anandilandira tsiku loyamba, ena onse akundiyang'ana ngati wotolera msonkho. Anandigwira nkhope ndi manja awiri, amvekere, "Kuonda chonchi, Sanatu, ku Tamale chakudya chinatha?" Anandidyetsa tuo zaafi, nsima yakuno, mpaka ndinalephera kudzuka pa mkeka. Ndimawakonda, basi. Ndipo auza kale mudzi wonse kuti zithunzi zawo zidzakhala pa khoma.

Lachisanu, 13 Juni

Pulogalamu ikuti ine ndi Azindoo tikugwirizana pa 87 mwa 100. A Dokotala akondwa. Ine ayi.

Ndatsegulanso 14 zija, ndazikulitsa chimodzichimodzi. Phazi lilimo m'zonse. Zonse! Ngozi siichitika kakhumi ndi kanayi. Ndipo ndi phazi lopanda kanthu, pomwe anzawo kutchire amavala majombo poopa njoka. M'chachisanu ndi chiwiri chala chachikulu chaponda kanthu kozungulira.

Azindoo akuti, "Tsopano ufuna khodi ya chala? Aise, digiri ikukudikira." Mndandanda wa makhodi utsekedwa Lachitatu. Ndipita ndikafunse eni ake.

Lamlungu, 15 Juni

Ndinagona kumudzi. Kutangocha, ine pambuyo pa Mma Lariba ndi beseni. Mitengo yawo isanu ndi umodzi, kuseri kwa munda wa chilazi. Atafika anavula masilipasi n'kuwaika m'beseni. Kenako kuyenda pang'onopang'ono, phazi likukwekweza m'udzu. Kuima. Kuwerama. Mtedza m'manja. Nkhope osaloza pansi ngakhale kamodzi.

Iwo anamva kuti ndaima.

"Maso anapita, mwana wanga, chaka chachitatu chino. Ndimangoona utsi. Munati tijambule chotithandiza. Ndikanajambula beseni? Beseni limanyamula, silipeza."

Kenako anandifinya dzanja mpaka kupweteka. "Neindoo asamve. Akamva mwana ameneyo andikhazika pakhonde ngati nkhuku yofungatira. Ine ndife nditakhala pansi? Ayi ndithu."

Neindoo ndi mwana wawo wamwamuna, amakhala nawo mpanda umodzi. Pobwerera pa njinga yamoto ndalira, woyendetsa n'kumayesa ndi fumbi. Munthu mmodzi yekha amene anayankha funso lathu mpaka pansi pake, ife ophunzira tinamuika mu Zolakwika. Manyazi andigwira.

Lachiwiri, 17 Juni

Mutu ukuwawa. Ndikazisiya mu Zolakwika, Mma Lariba sadzakhala pa khoma, anzawo adzawaseka pa chitsime. Ndikalemba zoona zonse, Neindoo awerenga, kutchire kwatha.

Ndawaimbira pa foni ya mdzukulu wawo. Anadikira mdzukuluyo atuluke kaye. Akuti, "Pachika, iwe. Za maso usalembe. Lemba kuti shiya sathyola mumtengo, amatola pansi. Bodza lili pati pamenepo?"

Palibe. Ndapanga khodi ya nambala 24: Phazi. Mabokosi 14, lililonse ndalizunguliza mosamala ngati ndikusoka. Malo olembapo ndemanga ndawasiya opanda kanthu, koyamba chiyambire ntchitoyi. Azindoo ndangomuuza kuti ndinaona ndi maso anga phazi likugwira ntchito. Wafufuta Zolakwika, wapita kukandigulira waakye, mpunga wa nyemba uja, wa dzira. Pakamwa pake m'poipa koma mtima ndi wabwino. Kugwirizana kwathu kwakwera kufika 91, ngati kuti zimenezo zili ndi ntchito.

Lachinayi, 26 Juni

Kosindikiza. Bambo wa pamakina wafunsa kawiri ngati chithunzi cha udzucho ndikuchifunadi chachikulu chonchi. Ndati chikulitseni kuposa zonse.

Mantha. Nanga wina akafunsa chifukwa chake savala majombo?

Loweruka, 28 Juni

Zatha.

Anabwera atavala mpango watsopano wachikasu, fungo la mafuta a shiya kuchokera patali. Anakoloweka dzanja lawo m'langa ngati ine ndiye wofuna kuthandizidwa. Pansipansi, "Changa chili pati?" Ndinawaimika patsogolo pake penipeni. Pomwepo mawu anakwera: "Fuseina, bwera uone! Iwe unajambula bulu wa eni ake, ine ndajambula changachanga." Amayi onse kuseka, wina mpaka kukhala pansi. Za majombo palibe anafunsa.

Neindoo anaima pa chithunzicho nthawi yaitali, chipewa m'manja. Anthu atapita ku chakudya anandikodola, tinakaima kuseri kwa kalasi.

"Mlongo, musavutike kundibisira. Ndinadziwa kalekale, tsiku lomwe anathira mchere m'phala la koko m'malo mwa shuga. Nyengo ya shiya ndimadzuka iwo asanadzuke, ndimakamenya udzu ndi ndodo pansi pa mitengo yonse isanu ndi umodzi, njoka zithawe. Ndikabwerako ndimagonanso, azindipeza ndikuliza mkonono. Chonde musawauze. Akadziwa asiya kupita, poopa kundivutitsa."

Ndinalonjeza.

Nditakwera kale njinga, Mma Lariba anandikoka nsalu, kukamwa pafupi ndi khutu langa.

"Wakuuza za ndodo yakeyo, eti? Amayesa phazi silidziwa udzu womenyedwa. Mame amakhala atayoyoka kale, mwana wopusa. Msiye, amagona bwino akatero. Usamuuze."

Lolemba a Dokotala akufuna ndemanga pa khodi iliyonse. Ndatsegula ya Phazi. Ndalemba "Mma Lariba amati", ndafufuta. Ndalemba "Mwana wawo", ndafufuta. Ndiwauza kuti shiya sathyola mumtengo, amatola pansi, basi.