Mlongo Wanga Akukana Kukaunikidwa M'matumbo

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 46, ndimagulitsa nsomba zouma pamsika waukulu kuno. Ndikulemba ndi mtima wothokoza, ngakhale pali chimodzi chikundisowetsa mtendere.

Zaka zinayi zapitazo anandichotsa chiberekero chifukwa cha khansa ya m'kati mwake. Nditachira ndinati basi, zanga zatha. Koma chaka chatha nditapita kukaonedwa ndinapeza dokotala watsopano, mtsikana ndithu, Dokotala Villaruz. M'malo mongondipima n'kundiuza kuti ndizipita, anafunsa za abale anga. Ndinamuuza kuti bambo anga anamwalira ndi khansa ya m'matumbo ali ndi zaka 51, mchemwali wawonso chimodzimodzi. Anasiya kulemba.

"Mayi, mukaunikidwe m'matumbo mwezi uno," anatero.

Ine ndinaseka. "Adokotala, matenda anga anali kwina, ndipo anachotsa kale. Kumatumboko mukufunako chiyani?"

"Yakale ija sindikuiopa," anayankha. "Ndikuopa ina."

Ndinazengereza miyezi iwiri, iye osatopa kunditumizira uthenga pafoni. Nditapita anapeza kachotupa kofanana ndi mtedza, katayamba kale kusanduka khansa. Anakachotsa kasanafalikire. Atandiyeza magazi anati m'banja mwathu muli vuto loyenda m'mtundu. Lero ndili bwino. Dokotalayo ndinamupititsira nsomba zosankha bwino, iye n'kudandaula kuti chipinda chake chinunkha mpaka Khirisimasi.

Nkhawa yanga ndi mlongo wanga Efren, wa zaka 41, bambo wa ana atatu, yemwe amanyamula anthu panjinga yamoto. Nditamuuza kuti nayenso akaunikidwe anati, mondiitana monga timaitanira mchemwali wamkulu kwathu kuno, "Manang, kodi ine ndili ndi chiberekero? Zachizimayizo zikhale zanu." Nditamufotokozera mmene amaunikira anati, "Kamerayo ilowere kuti? Pamenepo ayi." Koma mkazi wake wandinong'oneza kuti Efren akumaona magazi akapita kuchimbudzi, n'kumati n'chifukwa chokhalira chishalo tsiku lonse. Ndichite bwanji?

L.B., Roxas

Okondedwa L.B.,

Mwachita bwino kumumvera dokotala wanuyo, ngakhale mochedwa. Amene anadwalapo khansa ya m'chiberekero ali pachiopsezo chokulirapo chodwala khansa ina yatsopano, monga ya m'matumbo. Siyakale ija ikubwerera. Vuto la m'mtundu lomwe akupezani nalo silisankha mwamuna kapena mkazi: mwa abale a mimba imodzi, aliyense atha kukhala nalo kapena ayi, mwayi wake ndi theka ndi theka. Ana anunso ali momwemo.

Tsono za Efren. Nthabwala zakezo ndi mantha. Anaona bambo ake akuwonda, ndipo akuganiza kuti akangolowa m'chipatala amuuza zomwezo. Musamukumbutse pamaso pa anzake pasiteji, chifukwa pagulu sangagonje. Mukhale naye awiri, ndipo musayambire nkhani pa inu. Yambirani pa bambo anu. Mufunseni kuti madokotala akanawapeza ndi kachotupa kakang'ono ngati kanu, iye akanawalola kukana?

Muuzeninso zimene munaona nokha: kuti amakupatsa mankhwala ogonetsa, kuti sizitenga ngakhale ola limodzi, kuti munabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Pemphani Dokotala Villaruz alembe kalata ya dzina lake, yonena zimene anapeza mwa inu. Abambo ambiri amamvera pepala la dokotala kuposa mawu a mchemwali. Mukapangane tsiku, mumuperekeze. Za magazizo musaulule kuti munamva kwa mlamu wanu, mungawayambanitse. Mulimbikitseni mlamuyo alankhule yekha ndi mwamuna wake.

Inunso simunamalize. Pitirizani kuunikidwa nthawi iliyonse imene akuuzani, ngakhale mukumva bwino chotani. Muzipimitsanso mawere, ndipo mukaona magazi mumkodzo musadikire. Ana anu akakula, akayezedwe.

Chenjezo langa ndi ili: magazi m'chimbudzi kwa munthu wa m'banja ngati lanu si nkhani yodikira kuti nyengo ya mvula ithe. Atha kukhala a chinthu chaching'ono, koma wonena zimenezo akhale dokotala ataunika, osati Efren ali panjinga. Musamugulire mankhwala azitsamba oti angotonthola nawo. Pitani kwawo sabata ino, akakukalipirani mupirire. Mkwiyo wake udzatha, ndipo ana atatu aja akufuna bambo wawo.

Aphungu