Kuseri kwa Kapepala ka Asiyatu

Lachinayi madzulo. Mtima suli m'malo.

Ana a kuno amaopa buku la Chingerezi, ndiye ndimadula mawu akuluakulu m'nyuzipepala zakale, iwo n'kumawayala pamphasa kupanga ziganizo. Lero Asiyatu, mwana wa msodzi wa pafupi ndi sukulu, wawerenga chiganizo chathunthu osakakamira. Ndinamuombera m'manja.

Kenaka anatembenuza kapepala kamodzi. Kuseri kwake kunali diso ndi theka la mphuno. Kani ndinadula pakati chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, ine osadziwa!

Apo n'kuti Che Bwanali, apampando a chipani m'mudzi muno, ataima pakhonde akuonerera. Anatola kapepalako n'kukayang'ana mbali zonse ziwiri.

"Aphunzitsi, sizasi yanuyi ndi yakuthwa," anatero, n'kukaika m'thumba la malaya. Anatsanzika bwinobwino.

Mapepala otsalawo ndawakulunga m'chitenje. Kuwawotcha ndikuopa, kuwasunga ndikuopanso. Ndikatengedwa, amayi kwathu ku Dedza adzawauza ndani?

Asiyatu anafunsa ngati mawa abwere ndi mng'ono wake. Ndinati abwere. Koma galimoto ikangomveka kumsewu wa ku boma, ndikumafufuza nsapato.